Mtedza Umene Ndinakana Kugawa ku Kacholola

Ndisanapite ku Mkushi, kutali kumene ndinali nditafikako kunali ku Katete, ndipo kumeneko ndinapita kumaliro. Ndiye anthu a kwathu ku Chipangali atamva kuti Dailesi wa kwa aNaphiri akukwera basi yekha kudutsa Lusaka, ena anaseka. Ankati kondakitala akadzandifunsa kotsikira ndidzangoyang'ana pansi mpaka basi itanditaya ku Ndola. Sananame kwenikweni. Makolo anga anamwalira ndili ndi zaka zinayi, ndipo Ambuya aNaphiri, mayi awo a malemu mayi anga, anandilera m'nyumba ya anthu awiri mmene mawu ambiri anali awo. Ine ndinazolowera kuyang'ana ndi kumvetsera.

Chimene chinandikweza basi ndi mtedza. Chaka cha chilala chija mvula inayamba bwino, tinabzala, kenako inaleka mtedza ukuchita maluwa. Nthaka inauma gwa. Pozula tinapeza makoko okhaokha, ukafinya n'kungoti phwa. Wochepa umene unali ndi kanthu mkati Ambuya anautsekera m'chidebe kuti ukhale mbewu. Mu Ogasiti, ufa utatha, tinatsegula chidebecho n'kudya. Sitinauze munthu, koma m'mudzi monse zinali chimodzimodzi.

Mtedzawo ndi wa mtundu wa chalimbana, wa njere zikuluzikulu, umene Ambuya akhala akusankha okha chaka ndi chaka kuyambira ali mtsikana. Unatsala malo amodzi okha. Amayi aang'ono, aRoda, pokwatiwa ndi mwamuna wogwira ntchito pa famu ina yaikulu ku Mkushi anatenga wodzaza mbale, ndipo anapitiriza kulima. Anaimba foni kuti ali nawo, autumiza pa basi. Ambuya anakana. "Thumba la mtedza lopanda mwini, chaka chino? Silingadutse ndi Kapiri yomwe." Tinagulitsa mbuzi ziwiri zimene zinali zitayamba kale kuwonda, ndalama ya ulendo n'kupezeka.

Za popita sindinena zambiri. Kalole kanandifikitsa ku Chipata, basi ya m'mamawa inandifikitsa ku Lusaka dzuwa litapendeka, ndipo tsiku lotsatira ndinadutsa Kabwe ndi Kapiri Mposhi maso ali pa zenera, m'manja ndili ndi kapepala kolembapo dzina la poti nditsikire.

Inali sabata yoyamba ya Novembala. Kwathu minda inali fumbi, ng'ombe zikukungudza makungwa a mitengo. Pa famuyo ndinaona chimanga chobiriwira chofika m'mawondo, munda wake wozungulira ngati lichero, waukulu kuposa mudzi wathu ndi manda ake omwe. Pakati pake chitsulo chachitali cha matayala chinkayenda pang'onopang'ono chikugwetsa mvula. Bambo aang'ono, amuna awo a aRoda, anati amachitcha pivoti, ndipo ntchito yawo ndi kuyang'anira pampu imene imakoka madzi kudamu. Ndinafunsa kuti magetsi akazima amatani, popeza chaka chimenecho ankazima pafupifupi tsiku lonse. Anangondilozera kanyumba ka jenereta.

Kumapeto kwa chitsulocho kuli kampopi koponya madzi kutali, ndipo chikafika mbali ya nyumba za antchito, madzi ena amagwera kunja kwa waya. Pamenepo m'pamene Amayi aang'ono anaika mizere yawo. Mtedza wa Ambuya unapulumuka chilala ndi madzi amene eni famu sankadziwa n'komwe kuti akutaya.

Ndinaima pa wayapo nthawi yaitali. Kumbuyo kwanga nyumba zambiri za antchito zinali zotseka. Amayi aang'ono anati damu litaphwera bwana anachepetsa minda, n'kuuza aganyu kuti apite kwawo, adzawaitana. "Nanga iwo bwanawo?" ndinafunsa. Anaseka. "Iwo? Galimoto ndi yomweyo, ana ali kusukulu yomweyo. Amangodandaula pa foni."

Amayi aang'ono anandipimira ndowa imodzi yosefukira, wosaswa, n'kuuthira m'thumba la ufa. Posoka kukamwa kwa thumbalo anandikumbutsa chimene ndinkadziwa kale, chakuti mbewu imakhala m'makoko ake mpaka kutatsala tsiku limodzi kapena awiri kuti ibzalidwe. Ukaswa msanga m'nyengo yotentha ngati iyi, kakhungu kamasupuka, mafuta amatuluka, ndipo yambiri simera.

Pobwerera ndinadikira minibasi pamsewu maola awiri, ku Kapiri maola atatu, n'kukagona ku Lusaka kwa mlongo wawo wa bambo aang'ono. Kusanache bwino ndinali kale pa siteshoni, thumba lili pamutu. Kondakitala wa basi ya ku Chipata, mnyamata wa dzino lachitsulo, anandiimitsa pakhomo.

"Asisi, katunduyo pansi, m'buti."

Ndinali nditaona zimene amaika m'butimo: matumba a simenti, zigubu za mafuta, njinga. Ndinati ayi.

"Ndi mwana kodi, woti mumuyamwitse panjira?"

"Ndi mbewu."

"Ndiye muilipirire mpando wake."

"Ikhala pamiyendo panga. Miyendo ndalipirira kale."

Sindikudziwa kumene mawuwo anachokera. Mayi wina wonenepa wovala mpango wautali wofika m'mapewa anaseka kumbuyo kwanga mpaka kugwira chitseko. "Musiye alowe, iwe, wakugonjetsa." Ameneyo anali Mayi Asiyatu, wogulitsa zitenje pa msika wa Kapata ku Chipata, amene ankabwerera kokapikula katundu. Anandikokera pampando wa pambali pawo, ndipo basi isananyamuke anali atadziwa kale za chidebe cha mu Ogasiti, chimene ndinali ndisanauzepo munthu.

Basi ya sikisi koloko inanyamuka cha m'ma naini. Tinadikira kuti idzaze, kenako tinadikira munthu amene analipira n'kupita kukagula chingwe cha foni. M'busa analalikira n'kutsika, wogulitsa mankhwala a mano analowa n'kutsika. Dalaivala atayamba kuyendetsa anali wokwiya kale ndi nthawi.

Mtedza wosaswa subisika. Basi ikagunda dzenje umachita phokoso m'thumba, ndipo titadutsa Chongwe aliyense wa mipando yapafupi ankadziwa chimene ndanyamula. Tsidya la kanjira kunakhala bambo wina wa malaya oyera ositidwa bwino, foni ziwiri m'thumba la pachifuwa. Anadzitchula kuti ndi Bambo Tembo, amagwira ntchito mu ofesi ya famu ina ku Chisamba, akupita kukaona mayi awo ku Madzimoyo, kufupi ndi Chipata. Anali munthu waulemu, wokonda kufotokoza. Atamva nkhani yanga kwa Mayi Asiyatu anapukusa mutu.

"Mlongo wanga, ndalama ya basi yokhayo mukanagula mbewu yabwino ku Chipata konkuja, yocha msanga. Chalimbana amachedwa. N'chifukwa chake chilala chinakupezani."

Zimenezo ndinali nditaziganizapo ndekha usiku uliwonse wa ulendowo. Anatulutsa foni n'kundionetsa timitambo tojambulidwa. Anati ku Chipata mvula igwa mawa kapena mkuja, ndipo ku famu kwawo sabzala asanayang'ane pamenepo. "Ngakhale kuti ife, kunena zoona, ikachedwa timangoyatsa pampu."

"Ndiye mumayang'aniranji?" anafunsa Mayi Asiyatu. Bambo Tembo anaseka nawo.

Pa Rufunsa sitinaime. Pa mlatho wa Luangwa, pamene mabasi amaima kuti anthu adye, dalaivala anapereka mphindi zokwana kupita kuchimbudzi basi. Amayi a nsomba zouma ndi madengu anathamangira m'mazenera, koma hutala inali ikulira kale. "Mukadya ku Nyimba!" anakuwa kondakitala. "Ndi pompano apa!"

Tinawoloka, tinayamba kukwera mapiri. Kutentha kwa kumeneko sindinakuonepo. Mitengo inali yopanda tsamba, mphepo yolowa pazenera ngati yochokera mu uvuni wa njerwa. Tisanafike pa Kacholola, pa chitunda chachitali, tinamva fungo la mphira wopsa. Basi inatsokomola, nthunzi inatulukira kutsogolo, ndipo dalaivala anaikokera kumbali n'kuzimitsa. Kondakitala anathamanga kukaika miyala kumatayala. Inali itangokwana thwelofu koloko.

Paipi ya madzi inali itaphulika. Netiweki kunalibe. Kondakitala anakwera phiri foni ili m'mwamba ngati akuonetsa Mulungu, n'kubwera ndi uthenga wakuti makaniko akuchokera ku Nyimba pa njinga yamoto. Tinatsika tonse. Mthunzi unali wa basi yokha, kamzere kopapatiza, ndipo tinakhala mmenemo mapewa atagundana, tikusuntha pamene dzuwa linkasuntha. Tintchentche ting'onoting'ono tinkafuna m'maso ndi m'makutu. Malole ankadutsa akuliza hutala. Anthu anayi kapena asanu a ndalama zawo anaimitsa magalimoto n'kupita. Bambo Tembo akanapita nawo, koma m'buti munali bokosi lawo la sola ya mayi awo, ndipo palibe galimoto imene inavomera kulinyamula.

Makaniko anafika cha m'ma thuu, anayeza paipi imene anabweretsa, anaitembenuza, anatukwana pang'ono, n'kukweranso njinga yake. Paipiyo inali yaing'ono.

Mayi wina wa kamudzi ka kuseri kwa phiri anabwera ndi ndowa ya madzi ofunda, tinagula pa kapu pa kapu. Anthu anamufunsa ngati ali ndi nthochi, chinangwa, chilichonse. Anatambasula manja. "Chaka chino ndi mango omwe agwa ali aang'ono."

Pafupi ndi ine panakhala mayi wachitsikana wa ku Sinda, wochokera kuchipatala ku Lusaka ndi mwana wake wamkazi wa zaka ngati zinayi. Mwanayo anali ndi bandeji pakhosi. Mayi Asiyatu anali atamupatsa kale sikono yawo yomaliza, ndipo mabisiketi a Bambo Tembo anali atathera mwa ana ena. Itakwana fili koloko mwanayo anayamba kulira, kulira kotopa kopanda misozi. Mayi ake anatulutsa kabotolo ka mankhwala, anakayang'ana, anakabwezera. Anauza Mayi Asiyatu motsitsa mawu kuti adokotala anati asamwe m'mimba muli mopanda kanthu, ndipo nthawi yake yapitirira.

Palibe amene anandiyang'ana poyamba. Kenako onse anandiyang'ana.

"Asisi," anatero mnyamata wina wa kapu yofiira, "chakudya chili pamiyendo panupo. Tsegulani tikazinge."

"Ndi mbewu," ndinatero.

"Mbewu si mtedza?"

"Mwana akulira, iye wakumbatira thumba," anatero mayi wina kumbuyo. "Anthu a masiku ano."

"Kumana kotere sindinakuone. Wa kuti ameneyu?" anatero mayi winanso.

Kwathu munthu sadya pa ulendo mnzake akuyang'ana. Ambuya akanamva kuti ndinamana mwana wodwala akanandimenya ndi mthiko ngakhale ndili wamkulu. Koma Ambuya omwewo anali kumunda tsiku limenelo akukonza mizere yopanda choti abzalemo. Ndinkadziwanso mmene zimathera. Ukamasula thumba pakati pa anthu makumi asanu anjala, sutapa kamodzi. Wina amati ndi wanga yemwe, wina amati ndilaweko, ndipo umafika kwanu ndi thumba lopinda m'khwapa. Ndinalimbitsa manja.

Bambo Tembo anabwera n'kunjuta patsogolo panga, akukoka thalauza kuti lisagwire fumbi. Anayankhula mofatsa, ngati kwa mwana.

"Mlongo wanga, tiyeni tichite chonchi. Patsani anthu mtedzawu. Ine Lolemba ndikakugulirani mbewu ya m'sitolo, yoposa iyi. Ndikulonjeza pamaso pa onsewa."

"Inu mutsikira ku Madzimoyo. Ine ndikupita ku Chipangali. Mvula mwati ndi mawa."

"Tikhoza kukonza zimenezo. Musaganize kuti sindikumvetsa. Chilalachi chinatipweteka tonse. Ifenso ku famu tinataya kwambiri."

"Munadya mbewu?"

"Mwati bwanji?"

"Ndikufunsa ngati munadya mbewu yanu, bambo. Ife tinadya. Ine ndi Ambuya anga tinatseka chitseko masana, tinakazinga mbewu, tinadya osayang'anana. Inu munataya chiyani?"

Mawu anga anamveka mpaka kumapeto kwa basi.

"Theka la soya linapsa," anatero Bambo Tembo. "Koma zoona, inshuwalansi inatithandiza."

"Kumene ndikuchokera ndaona nyumba za aganyu zotseka. Amenewo inshuwalansi inawapeza? Kwanu mvula ikakana mumayatsa pampu. Magetsi akakana mumayatsa jenereta. Zonse zikakana wina amakulipirani. Ife tili ndi thumba ili. Mwati chalimbana amachedwa, n'zoona, amachedwa. Koma akacha sitipempha munthu chaka chinacho, ndipo mudzi wonse udzatapa kwa ife mbale mbale. Mukufuna ndisinthanitse zimenezo ndi lonjezo la pamsewu?"

Bambo Tembo sanakwiye. Anayang'ana pansi, akutembenuza foni m'manja. Wa kapu yofiira anati, "Nkhani yabwino, koma mwana sadya nkhani."

Ndipo mwanayo analiradi. Ndinamuyang'ana, kamutu kali pachifuwa cha mayi ake, milomo itauma. Pamenepo m'pamene ndinakumbukira chinthu chimene mlimi aliyense wa mtedza amadziwa. M'ndowa iliyonse si wonse umene umabzalidwa. Tsiku loswa timasankha. Njere zonenepa zosalala zimapita kumunda, zonyala ndi zokwinyika zimapita kukhitchini. Ndipo mizere ya Amayi aang'ono ya kumapeto sinkafikiridwa bwino ndi madzi aja, choncho zonyala zinayenera kukhalamo ndithu. Kungoti kuti uzipeze uyenera kuswa wonse, ndipo ukaswa wonse mvula n'kuchedwa masabata awiri, wapha mbewu ndi manja ako.

"Bambo Tembo," ndinatero, "foni yanu ija imanama kangati?"

Anakweza mutu. "Nthawi zina. Koma ya mawayi yakhala ikunena chimodzimodzi masiku atatu."

Ndinayang'ana kum'mawa, kumene tinkapita. Pamwamba pa mapiri panali mitambo yoyera yaunjikana, pansi pake pakuda. Ndinaimirira.

"Thumba ndimasula. Koma palibe amene akutapa. Wofuna kudya aswe. Njere yonenepa ndi yanga, ipite pa nsalu. Yonyala ndi yanu. Yoyamba ndi ya mwanayu."

Mayi Asiyatu anali ataimirira kale. Anatuma kondakitala kuti atsitse mtolo wawo, anasolola chitenje chatsopano, chamtengo, n'kuchiyala pansi mumthunzi. "Mwamva malamulo," anatero. "Amene ndimuone akutafuna yonenepa, ndimuchotsa dzino, likakhale la kondakitala lachiwiri."

Ndinadula ulusi ndi mano. Amayi a kumudzi anali oyamba kukhala mozungulira, ndipo mayi uja amene anati ndine womana anakhala pafupi kwenikweni ndi ine osandiyang'ana. Manja awo ankadziwa ntchito. Chala chachikulu pamsoko wa khoko, kufinya pang'ono, njere ziwiri m'dzanja, diso n'kuweruza, iyi uku, iyi uko. Phokoso la makoko linadzaza pamsewupo. Agogo ena aamuna a ku Petauke anakweza njere imodzi padzuwa n'kuti, "Uyu ndi chalimbana weniweni. Ndinkayesa anatha." Mayi wina anayamba kufotokoza za munda wake umene unapsa, wina n'kumulanda mawu ndi wake, ndipo zinapezeka kuti pa anthu onse okhala pansipo panalibe amene anasunga mbewu chaka chimenecho.

Ine sindinaswe kwambiri. Ndinkayang'ana manja.

"Achimwene a kapu yofiira," ndinatero, "m'thumba la kumanzere."

"Ine?"

"Zisanu ndi imodzi. Zonenepa zokhazokha."

Anthu anafa nacho chiseko. Anazitulutsa n'kuziponya pa chitenje akung'ung'udza kuti mtsikanayu akanakhala wapolisi.

Bambo Tembo nawo anapinda malaya n'kukhala pansi. Anagwira khoko loyamba ndi manja onse awiri n'kulithyola pakati ngati bisiketi. Njere inagawanika. Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu analiluma ndi mano.

"Bambo, lekani, mukupha mbewu. Yogawanika simera."

"Ndinkatha ndili mwana," anatero akuyang'ana zala zawo. "Ku famu kuli makina."

"Ndiye pitani mukatole nkhuni," anatero Mayi Asiyatu. "Makina a nkhuni kulibe."

Anapita, malaya oyera aja, m'tchire lopsa. Dalaivala anabwereka chivundikiro cha mphika kwa mayi wa madzi uja, anaika pa miyala itatu, ndipo Bambo Tembo ndi amene anakazinga, utsi uli m'maso, akutakasa ndi kamtengo. Zogawanika zawo zija zinalowa momwemo. Mbale yoyamba inapita kwa mwana wa ku Sinda. Mayi ake anamufikisira m'manja, anauzira tikhungu, anamudyetsa njere imodzi imodzi, kenako anatsegula kabotolo. Pomwe ankameza mankhwala mwanayo anali atasiya kulira, akuyang'ana moto.

Zonyala zinakwana kuti aliyense alandire kadzanja kamodzi. Sizinakhutitse munthu, koma pakamwa panasiya kuwawa. Ine ndinadya zanga ndili chiimire, maso ali pa chitenje. Mulu wa zonenepa unali waung'ono kuposa mmene thumba linkaonekera, monga zimakhalira makoko akachoka. Mayi Asiyatu anamanga ngodya zinayi mfundo ziwiri n'kundiika mtolowo m'manja. Ndinati nsaluyo ndidzabweza. Anati ndikadzabweza ndidzabwere ndi nsinjiro, apo ayi ndisabwere.

Makaniko anafika ndi paipi yoyenera dzuwa litayamba kufiira. Injini italira anthu anaombera m'manja ngati pa ukwati. Tili pamzere wolowa, Bambo Tembo anandikoka pambali. M'malaya munali mwaye.

"Mayi anga ankalima womwewu," anatero. "Nawonso wawo unatha. Simungandigawireko kadzanja kamodzi? Ndilipira mmene munganenere."

Ndinaganiza za mayi awo, amene sindikuwadziwa, ndi sola imene ikubwera m'bokosi.

"Chaka chino ayi, bambo. Akolole kaye Ambuya. Mu Juni mubwere ku Chipangali ndi mbale, mukafunse kwa aNaphiri. Ndalama musabwere nayo."

Anandiyang'ana, kenako anaseka n'kulemba dzinalo mu foni.

Ku Nyimba tinagula nthochi pazenera. Petauke ndinangomva kondakitala akuitana. Pa Sinda mayi uja anatsika mwana ali kumsana atagona, n'kundigwira phewa podutsa. Titayandikira Katete fungo la dothi lonyowa linalowa m'basi, ndipo madontho anayamba kugunda galasi. Ndinafungatira mtolo wanga pansi pa juzi. Ndinagona ku Kapata kwa Mayi Asiyatu, ndipo m'mawa mwake kalole ka ku Chipangali kanaterera m'matope kawiri tisanafike.

Ambuya ndinawapeza kumunda, osati kunyumba. Mizere inali yakuda ndi chinyezi. Anaona chitenje chachilendocho asanandione ine. Ndinachiika pansi, ndinamasula mfundo.

"Waswa?" anatero. "Ndani wakuuza kuti uswe?"

"Ine."

"Roda sanakuuze?"

"Anandiuza."

Ndinawafotokozera mwachidule, za paipi, za mwana, za mitambo. Anagwada, analowetsa dzanja m'mulu, anatapa, anasiya njere zikuyoyoka pakati pa zala. Ankafuna yonyala kapena yosupuka yoti andidzudzulire. Anatapanso kachiwiri, kachitatu.

"Anasankha ndani?"

"Basi yonse."

Anapukuta dzanja pa nsalu yawo, analowetsa chala mumzere mpaka chinabisika, anachitulutsa n'kuchiyang'ana.

"Yagwa kamodzi kokha," anatero. "Ikatinamiza, ukudziwa kuti Roda wina kulibe?"

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake lero tibzala theka. Theka linalo ndilimangira m'chitenje momwemu, likhale mumtsuko pansi pozizira mpaka igwenso. Ndipo njala ifike pamene ingafike, mfundo imeneyo simumasula inu, sindimasula ine."

Ambuya anandiyang'ana kuchokera pansi pamene anagwadapo. Kenako anagwira bondo, anadzuka, anatola ndodo yawo yoboolera mapando.

"Nanga waimiranji? Ukufuna ndikuombere m'manja? Mzere ndi uwo."

Anaboola phando loyamba. Ine ndinawerama pambuyo pawo, ndinaponyamo njere imodzi, ndinakwirira ndi phazi.